Ulemu kwa Chitsononkho, Mtumiki Wosapempha Alawansi

Dziko lathu silisowa otamanda chimanga. Andale amachitamanda pamisonkhano, alaliki amachiyamikira pa mapemphero a masika, a wailesi amalengeza mtengo wake m'mawa ndi madzulo, ndipo boma likati ligwe limayamba lagwa m'nkhokwe. Koma mayamiko onsewa amapita kwa njere. Chimene chinabereka njerezo kuyambira tsiku limene ndevu zinatuluka mpaka tsiku lokolola, chimene chinaziyamwitsa madzi ndi chakudya chochokera m'phesi, chimatayidwa kudzala tsiku lomwelo lotonola. Pa Chimbiya, pamene malole oyenda mumsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza amaima kuti apakire chimanga, nyemba, soya ndi mbatatesi, chilichonse chochokera m'munda chili ndi mtengo wake, ngakhale madeya amene. Chitsononkho chokha ndicho sichikwera pa sikelo. N'zoona kuti chinaonekapo pa kobiri la 10 tambala limene linatuluka mu 1971, koma chinali chitavala njere zake, moti palibe anachipatsa moni. Cholakwa chimenechi chakhalitsa, ndipo chiyenera kukonzedwa. Mfundo yanga ndi yakuti mwa antchito onse amene dziko lino lili nawo, wodalirika kwambiri pa ntchito yoyeretsa madzi ndi uyu amene tamuiwala kudzala, ndipo chimene timamunyozera ndi ukoma wake womwewo, woti sadya ndalama.

Tiyambe ndi mbiri ya ntchito, monga zimakhalira munthu akamavekedwa mendulo. Chitsononkho chatumikira m'maunduna onse a pakhomo. Ku unduna wa zamphamvu, ndicho chimaphika nsima m'miyezi yozizira pamene nkhuni zili kutali ndipo chisanu cha ku Dedza chalowa m'mafupa. Ku unduna wa zamalonda, ndicho chitsekerero cha botolo la kachasu ndi chigubu cha palafini, ndipo sizinamvekepo kuti chinalawako katundu amene chikulondera. Ku unduna wa chitetezo, ndicho chimagenda nkhuku ndi mbuzi zobwera pa mphasa ya ufa, osathyola mwendo wa chiweto cha mnansi. Ku unduna wa maphunziro, kamtsikana kamachibereka kumbuyo ndi kansalu n'kumaphunzirirapo kulera. Ku unduna wa zaumoyo chimakwecha zidendene, komanso chinagwira kwa zaka zosawerengeka ntchito ina ya kuseri imene aliyense wokulira kumudzi akuidziwa, mapepala ofewa asanafike m'magolosale. Chikapsa n'kusanduka phulusa sichipumabe, pakuti amayi amatcheza phulusalo kuti apeze chidulo chophikira therere ndi chigwada. M'zaka zonsezi sichinanyanyalepo ntchito, sichinapempheko alawansi, ndipo sichinapiteko kunyanja kukachita semina yokambirana za mmene chingagwirire bwino ntchito.

Udindo waukulu koposa, umene sichinapatsidwebe, ndi wa madzi. Mapiri a Dedza ndi ozizira ndi achinyezi, nyengo imene mbatatesi ndi tomato amakonda, koma imene chiwawu chimakondanso. Choncho mlimi amapopera Dithane mobwerezabwereza kuti masamba asapse, amapopera cypermethrin pofuna kupha mbozi, makamaka kuyambira pamene ntchemberezandonda zachilendo zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 ndi 2017, ndipo ambiri tsopano amathira mankhwala opha udzu m'malo molemba aganyu opalira. Palibe womudzudzula mlimi pa zimenezi, chifukwa akapanda kutero sakolola. Koma madimba ali m'dambo, chitsime chokumba pamanja chili pafupi ndi dimba, mpope wopoperera umatsukidwa pamtsinje, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsetserekera m'timakwawa timene timathira mu Linthipe ndi Diamphwe, ulendo wa kunyanja ku Salima. Mayiko a mu European Union analetsa atrazine, amene amapezeka m'mankhwala ena opha udzu, mu 2004, ndipo chifukwa chake chinali chakuti ankapezeka m'madzi apansi panthaka. Vuto la madzi otere n'lakuti amaoneka oyera mbee. Ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nsalu yosefera imagwira zinyalala zooneka ndi maso basi. Klorini amapha tizilombo, koma sachotsa mtovu wochokera m'mabatire otayidwa. Kuwiritsa nakonso sikuchotsa zitsulo zosungunuka. Madzi akamaphwera mumphika, zitsulozo zimatsalira momwemo.

Apa ndi pamene chitsononkho chimaonetsa ukulu wake, koma chiyenera kuyamba chadutsa pamoto. Muchiike mumgolo wachitsulo wobooledwa pansi, muyatse pamwamba, mpweya uzilowa wochepa, ndipo moto ukatsika mpaka pansi muuzime ndi madzi chisanasanduke phulusa. Utsi ndi phula zimapsa n'kuchoka, chimene chimatsala ndi makala opepuka odzala ndi timabowo tosaoneka, ena mwa iwo otsalira m'njira zimene madzi ankadutsamo popita ku njere. Madzi akamadutsa m'makala osinjidwa, tizidutswa ta mankhwala timamatirira pa makoma a timabowoto, monga mmene njere za chisoso zimakakamira pa thalauzi la munthu wodutsa m'tchire: munthu amatulukira tsidya lina, chisoso chatsalira pa nsalu. Kumeneku si kusefa, pakuti mankhwalawo ndi aang'ono kwambiri kuposa mabowo amene madzi amadutsamo. Amagwidwa chifukwa khoma la makala limawakoka kuposa mmene madzi amawakokera. Ndiye chuma chonse chagona pa kukula kwa makomawo. Makala a kufakitale amene amapsereza ndi nthunzi yotentha kwambiri amatha kukhala ndi makoma okwana masikweya mita 1,000 mu galamu imodzi yokha, kutanthauza pafupifupi kotala la ekala. Makala a mumgolo safika pamenepo, koma moto ukapitirira madigiri 800 amagwira mankhwala bwino kwambiri kuposa makala a mu uvuni wadothi, amene amapsa ndi moto wozizirirapo ndipo timabowo tawo tambiri timatsala totsekeka ndi phula. Taonani mtumiki amene ali ndi munda waukulu chotere m'mimba mwake, koma sanakanganepo ndi munthu pa za malire.

Wina angaganize kuti izi ndi nthano za pamoto, koma banja la makala lili ndi mbiri yolembedwa. Mu 1773 katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anaonetsa kuti makala amagwira mpweya wamitundumitundu. Mu 1785, ku St Petersburg, Tobias Lowitz anapeza kuti makala amachotsa mtundu m'zamadzimadzi. Mu 1900 ndi 1901 Raphael von Ostrejko analembetsa njira zopangira makala amphamvu aja m'fakitale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali atayamba kuphana ndi mpweya wapoizoni, Nikolai Zelinsky wa ku Russia anapanga mu 1915 chophimba kumaso chokhala ndi makala, ndipo mu 1918 anthu a ku America ankatolera nthanga za mapichesi ndi zikamba za mtedza kuti zikapsedwe zipulumutse asilikali awo. Zotaya za kukhitchini zinaitanidwa kunkhondo, n'kupambana. Mpaka lero munthu akamwa poizoni madokotala amatha kumumwetsa makala amphamvu a kufakitale aja, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la World Health Organization. Kumpoto kwa Thailand, katswiri wina dzina lake Josh Kearns anagwira ntchito ndi alimi kupanga makala a mumgolo n'kuwaika m'ndondomeko ya migolo inayi: woyamba wa miyala, wachiwiri wa mchenga, wachitatu wa makala, wachinayi wosungira madzi oyera. Palibe chimodzi mwa zipangizo zimenezi chimene sichingapezeke pa Chimbiya tsiku la msika.

Ndipo chitsononkho sichili chokha pakati pa onyozeka a kuno kwathu. Chili ndi abale amene akatswiri athu anawayesa kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku University of Leicester pamodzi ndi anzawo a ku Polytechnic anayesa ufa wa nthanga za chammwamba pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo, m'malo mwa mankhwala a alamu oitanitsa kunja, ndipo madzi amatope a m'dzinja anayera. Nthangazi zimasonkhanitsa matope kuti akhale pansi, koma zili ndi luso linanso: mu 2006 akatswiri a ku Chancellor College, kuphatikizapo Samson Sajidu ndi Wellington Masamba, anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti ufa womwewo umachotsa mtovu m'madzi. Anayesanso dongo la ku Tundulu m'boma la Phalombe pa zitsulo zosungunuka. Pa Nathenje, mumsewu womwewu wa M1 kulowera ku Lilongwe, kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza mijigo yokhala ndi fluoride woposa mlingo wa mamiligalamu 1.5 pa lita umene World Health Organization imalangiza, ndipo umboni wake unali pa mano ofiirira a ana asukulu. Pa fluoride chitsononkho chimavomera kuti si ntchito yake. Mwini ntchito ndi fupa la ng'ombe lootchedwa, limene dayosizi ya Katolika ya Nakuru ku Kenya yakhala ikugwiritsa ntchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kudziwa polekezera mphamvu zako n'kulozera wodwala kwa sing'anga wina ndi khalidwe losowa m'dziko limene aliyense wovala tayi amadziwa zonse.

Otsutsa alipo, ndipo ayenera kumvedwa. Oyamba akuti: chimene chikupha anthu m'dziko muno si atrazine, ndi kolera. Akunena zoona. Mliri umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023, ndipo unali woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaonapo. Makala sapha tizilombo ta kolera, ndipo makala onyowa osasamalidwa amatha kukhala malo amene tizilombo timaswanirana. Aliyense wouza anthu kuti ataye klorini chifukwa ali ndi zitsononkho akukumba manda. Koma mlandu umenewu sukugwera chitsononkho, chifukwa sichinalonjezepo kuti chichita zonse. Mutu umodzi susenza denga. Mchenga ugwire matope, makala agwire mankhwala, klorini kapena moto ziphe tizilombo, ndipo ndondomeko yake ikhale yomweyo, pakuti makala amameza klorini, moti wothira klorini madzi asanadutse m'makala wataya ndalama zake. Kolera amapha m'masiku awiri ndipo amalembedwa m'nyuzipepala. Mtovu umachepetsa nzeru za mwana pang'onopang'ono kwa zaka zambiri ndipo palibe amaulira maliro. Kuopa woyamba si chifukwa chomwera wachiwiri.

Otsutsa achiwiri ali ndi mfundo yolemera kuposa onse, ndipo ngakhale wotamanda ayenera kuvula chipewa. Akuti chitsononkho chikakhuta sichinena. Makoma aja akadzaza, madzi amapitirira kutuluka oyera ndi okoma, koma mankhwala akudutsa osagwidwa, mwinanso ena amene anagwidwa kale n'kumasuka. Banja limamwa ndi mtima wokhazikika pamene mlonda anagona kalekale. Ndi zoona ndithu, ndipo n'chilema chachilendo, chifukwa akuluakulu ena a kuno akakhuta amadziwika msanga ndi mipanda ya njerwa ndi magalimoto atsopano. Koma yankho lake si kuchotsa mlonda ntchito; ndi kumuikira nthawi yosinthana. Pafunika wina ayeze madzi a m'zitsime za m'madambo ozungulira Chimbiya, adziwe chimene chilimo, ayese makala a zitsononkho za kuno opsa ndi mgolo wa kuno, kenaka auze anthu momveka kuti ndowa imodzi ya makala ikwanira ndowa zingati za madzi isanasinthidwe. Imeneyi ndi ntchito ya akatswiri a ku Bunda, a ku Zomba ndi a ku Blantyre pamodzi ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo si ntchito yofuna zozizwitsa. Makala okhutawo asaphikire ndiwo kapena kutayidwa pafupi ndi chitsime, koma akwiriridwe kutali ndi madzi. Ngakhale makala ogula kunja ndi madola amakhuta chimodzimodzi osanena; kusiyana kwake n'kwakuti amabwera ndi kapepala kolemba tsiku lowasintha. Chimene chitsononkho chikusowa ndi kapepala kameneko basi.

Achitatu akuti: kodi mukutiuza kuti tiziotcha makala, pamene makala ndiwo amaliza nkhalango? Akukumbukira Dzalanyama, kumene Diamphwe ndi mtsinje wa Lilongwe zimayambira, kumene boma linachita kutumizako asilikali mu 2015, ndiponso lamulo la zankhalango limene linakhwimitsidwa mu 2020. Akuda nkhawa ndi Chongoni, nkhalango yosunga zojambula za makolo pamatanthwe zimene UNESCO inazilemba mu 2006 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Nkhawa yawo ndi yabwino, koma ikunenera chitsononkho umboni wochikomera. Muwanga ndi msuku zimatenga zaka makumi kuti zikule. Chitsononkho chimabadwa chaka ndi chaka popanda nkhwangwa kulira. Thumba lililonse la chimanga la makilogalamu 50 limasiya zitsononkho zolemera makilogalamu pafupifupi 10, ndipo dziko lino m'zaka za mvula yabwino limakolola matani oposa 3 miliyoni. Werengerani nokha phiri limene timataya. Amayi angafunse kuti nanga tiphikira chiyani zitsononkho zikapita kumadzi. Funsoli ndi lomveka, koma makala ofunika pa madzi akumwa a banja limodzi ndi ochepa poyerekeza ndi mulu wa pakhomo, ndiponso pali mbaula zoyatsira pamwamba zimene zimaphika ndi lawi la utsi wa zitsononkho n'kusiya makala pansi. Nsima ipse, makala atsale: ntchito ziwiri, malipiro ziro.

Ndiye ngati sayansi ikuchivomereza, mbiri ikuchichitira umboni, ndipo otsutsa ayankhidwa, n'chifukwa chiyani chitsononkho chikadali kudzala? Mlandu wake weniweni ndi umodzi, ndipo ndi wosakhululukidwa: chilibe mtengo. Chinthu chopanda mtengo sichingaitanitsidwe ndi tenda. Sichifuna ndalama zakunja, choncho palibe wopita ku Dubai kapena ku Johannesburg kukachiyendera. Sichibwera m'kontena, choncho palibe wochiombola pachipata. Palibe kampani yochigulitsa, choncho palibe wosindikiza makalendala ndi malaya okhala ndi chithunzi chake. Sichingatsegulidwe ndi lumo ndi riboni, chifukwa mlendo wolemekezeka sangaime pamaso pa makamera atanyamula chinthu chimene agogo ake ankapita nacho kuseri. Pa magawo khumi a zero, gawo limodzi ndi zero, ndipo amene amadziwa masamu amenewa sachedwa pa chitsononkho. Zimenezi zikufotokozanso chifukwa chake nthanga za chammwamba zinapambana mayeso ku Thyolo zaka makumi atatu zapitazo koma mpaka lero zimadziwika kwambiri ngati mankhwala ogulitsa m'timabotolo, ndipo dongo la ku Tundulu limadziwika bwino m'malaibulale kuposa pazitsime. Nafenso anthu wamba tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Timakhulupirira chinthu molingana ndi mmene chatipwetekera m'thumba, ndipo mankhwala aulere timawakayikira. Akale anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma ife tikaona mwendowo timayamba kufunsa ngati kulibe mayi wina wochokera kunja.

Ulemu woyenera mtumiki wotere si chipilala pamphambano, chifukwa chipilala chingafune simenti, komiti ndi tenda, ndipo chitsononkho chingachite manyazi. Wantchito amalemekezedwa pomupatsa ntchito ndi kumuyeza mwachilungamo. Mgolo umodzi pa sukulu ya pulayimale kapena pa chipatala chaching'ono, woyang'aniridwa ndi komiti ya mjigo imene ilipo kale, madzi ake n'kumayezedwa mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, ungatiphunzitse zambiri kuposa misonkhano khumi. Alangizi a zaulimi amene amaphunzitsa kapoperedwe angawonjezere phunziro la kumene mpope uyenera kutsukidwira, pakuti mankhwala osalowa m'chitsime safuna makala. Alangizi a zaumoyo amene amagawa klorini angaphunzitse ndondomeko ya mchenga, makala, kenaka klorini. Amisiri okhoma zidebe ndi mbaula pamsika angabowole migolo, achinyamata angaotche ndi kusinja makala n'kumagulitsa pa mtengo woti mlimi angakwanitse. Zikapezeka kuti makala a zitsononkho akulephera pa mankhwala ena, zilembedwe poyera, chifukwa mtumiki ameneyu, mosiyana ndi ena, saopa kafukufuku wa mabuku ake.

Koma ngati zonsezi zikuoneka zotsika kwambiri pa ulemerero wa dziko lathu, pali njira ina yachidule imene sinalepherepo. Titolere zitsononkho zonse kuchokera pa Chimbiya mpaka pa Lizulu, tizipakire m'malole, tizitumize kudoko la Beira kapena Nacala pa mtengo wa bwerera. Kutsidya kwa nyanja akaziotche, akazisinje, akaziike m'timapaketi tonyezimira tolembedwa chilankhulo chimene sitimva, n'kutibwezera pa mtengo wa madola. Pamenepo tidzazigula ndi ngongole, tidzazilandira ndi magule pabwalo la ndege, tidzachititsa maphunziro a masiku asanu a kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene adzayerekeze kufunsa kuti kwawo n'kuti.